Fuluwenza ndi Ana Athu: Bwanji Ambiri Sabayidwa?

Amuna anzanga a m'migodi, chisanu cha kuno ku Joni mukuchidziwa, ndipo pamodzi nacho imafika nthenda ya fuluwenza, kawirikawiri m'mwezi wa Meyi kapena Juni. Ambiri a ife tili ndi ana kapena adzukulu ku Alexandra ndi ku Diepsloot, amene amayi awo amalawirira kukagwira ntchito m'nyumba za ku Sandton. Katemera wa nthendayi amafika cha mu Malichi ndi Epulo, koma ana ambiri sabayidwa. Kodi chivuta n'chiyani?

Makolo ambiri ayesa kuti fuluwenza ndi chimfine wamba chimene chimatha ndi mandimu. Iai, ndi nthenda ina, ndipo kwa mwana wamng'ono imatsikira m'chifuwa n'kusanduka chibayo. Mu Okutobala 1918 fuluwenza inapha anthu ngati 300,000 mu South Africa m'masabata owerengeka, ndipo inayenda ndi sitima zapamtunda pamodzi ndi amuna obwerera kwawo, mpaka inafika ku Nyasaland. Ya masiku ano si yaukali chotero, komabe adotolo a ku NICD ku Sandringham awerengera kuti imapha anthu 6,000 kufikira 11,000 chaka chilichonse m'dziko lino.

Ena akuti, mwana anabayidwa chaka chatha, nanga abayidwirenji kachiwiri? Yankho lake ndi lakuti kachirombo kake kamasintha. Chaka ndi chaka mu Seputembala, a bungwe la WHO amasankha mitundu imene ilowe m'katemera wa maiko a kum'mwera kuno, tsono wa chaka chatha sakwanira. Enanso adandaula kuti jekeseniyo ndiyo idwalitsa. M'jekeseni mulibe kachirombo kamoyo, ndipo sangapatse munthu fuluwenza. Mkono upweteka, thupi lifunda pang'ono tsiku limodzi kapena awiri, basi. Koma mphamvu yake ikhazikika patapita masabata awiri, chotero mwana wobayidwa mochedwa, nthenda italowa kale m'nyumba, adwalabe, ndipo mlandu ugwera jekeseni. Tinenenso zoona: katemerayu satchinga onse, koma achepetsa ogonekedwa m'chipatala.

Chifukwa chimene ine ndichiona chachikulu ndi ndalama ndi mantha. Katemera waulere wa Boma aikira makamaka amayi apakati, okalamba, ndi odwala nthenda monga TB, HIV, mphumu ndi shuga. Mwana wathanzi nthawi zambiri alipiridwa kusitolo ya mankhwala, ndipo mayi wogwira ntchito m'nyumba ya eni ake, kupempha tsiku lokaima pamzere ndi kutaya malipiro. Ponena za mantha, akuluakulu sanaiwale za 1988, pamene kuyesa magazi a HIV kunathetsa ntchito za Amalawi zikwizikwi m'migodi. Munthu woona zotere, singano saikhulupirira msanga. Ndipo mu 2025 gulu la Operation Dudula linkabweza alendo pamakomo a zipatala zina za mu Johannesburg, ngakhale khoti lalikulu la ku Gauteng linagamula mu 2023 kuti amayi apakati, oyamwitsa, ndi ana osafika zaka 6 athandizidwe ulere m'zipatala za Boma, kaya ndi a dziko liti.

Musayese kuti okana ndi osauka okha. Ku Sandton kuliko makolo ophunzira amene aopa katemera aliyense chifukwa cha nkhani imene Andrew Wakefield analemba ku London mu 1998 yonena za katemera wa chikuku. Nkhaniyo inapezeka yabodza ndipo inafafanizidwa mu 2010, koma iyendabe m'mafoni.

Tsono inu atate, potumiza ndalama kunyumba patulani ya jekeseni Epulo asanathe. Mwana abayidwa kuyambira miyezi 6. Ngati sanafike zaka 9 ndipo n'koyamba, afunika kawiri, motalikirana mwezi umodzi. Khanda losafika miyezi 6 silibayidwa. Litetezedwa ngati mayi ake anabayidwa ali ndi pakati.