Mafunso ndi mayankho: Nambala ya 100,000,000,000,000 ndi yotani?

Ana ndi zidzukulu za Amalawi omwe adadzagwira ntchito kumgodi wa Cam and Motor kufupi ndi Kadoma, kapena kufakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Chegutu, adaigwirapo nambalayi ndi manja. Inali pa ndalama yapepala ya madola 100 thiliyoni imene Reserve Bank of Zimbabwe idatulutsa mu Januwale 2009. Amene adaisunga m'sutikesi ali ndi phunziro la masamu m'nyumba.

Funso: Kodi nambalayi ndi yaikulu bwanji?

Yankho: Ndi 1 wotsatidwa ndi maziro 14, ndiye kuti 10 wochulukitsidwa ndi 10 mnzake mpaka onse akwane 14. Munthu atamawerenga nambala imodzi pasekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, angathe zaka zoposa 3 miliyoni asanafike kumapeto.

Funso: Nanga ikaphwanyidwa, mkati mwake muli chiyani?

Yankho: Pali nambala zina, monga 2, 3, 5 ndi 7, zimene zimagawika ndi 1 komanso ndi izo zokha basi. Izi ndiye njerwa zomangira nambala zonse. Popeza 10 ndi 2 kuchulukitsa ndi 5, nambala yathuyi idamangidwa ndi mitundu iwiri yokha ya njerwa: 2 okwana 14 ndi 5 okwana 14. Nchifukwa chake imagawika ndi 2, koma 3 imamukana. Mukaigawa kwa anthu atatu kapena asanu ndi anayi, pamatsala 1.

Funso: Ndi nambala zingati zimene zimaigawa popanda chotsala?

Yankho: Zilipo 225. Popanga nambala yoigawa mutha kutenga 2 osaposa 14 kapena osatenga ndi mmodzi yemwe, zomwe ndi njira 15. Kwa 5 nakonso njira ndi 15. Tsono 15 kuchulukitsa ndi 15 ndi 225.

Funso: Bwanji 225 yo sagawika pawiri?

Yankho: Nambala zoigawa zimayenda ziwiriziwiri, monga 2 ndi 50 thiliyoni. Koma 10,000,000 alibe mnzake, amadzichulukitsa yekha n'kupereka 100 thiliyoni. Nambala yotere, monga 100 thiliyoni, amaitcha sikweya.

Funso: Akatswiri amaiika m'gulu liti linanso?

Yankho: Mukaphatikiza nambala zonse zoigawa, kupatula iyo mwini, mupeza 149,992,370,597,277. Popeza zapitirira mwini wake, ili m'gulu la nambala zosefukira, limene limayambira pa 12. Nambala 6 ndi 28 ndi zokwana ndendende, chifukwa zoigawa zake zikaphatikizidwa zimafanana ndi mwini wake.

Funso: Ngati ndi yosefukira chotero, bwanji idalephera kudyetsa banja?

Yankho: Mphamvu ya ndalama ili m'katundu amene ingagule, ndipo mitengo inkakwera tsiku ndi tsiku. Boma lidachotsa maziro 3 mu 2006, maziro 10 mu Ogasiti 2008, ndi maziro 12 mu Febuluwale 2009, pamene 100 thiliyoni idasanduka madola 100 atsopano. Nambala zoigawa zija zikadali 225 mpaka lero. Makolo a ku Rimuka ku Kadoma ndi a ku Pfupajena ku Chegutu, tulutsani pepalalo, mwana awerenge maziro ake n'kupeza yekha chifukwa chake 3 sangaigawe.