BP ndi magazi oundana: chimene chimagwetsa anthu m'mbali mwa Chilwa

Pa doko la Kachulu ku nyanja ya Chilwa, munthu wamphamvu zake akadzuka kamwa itapotoka, dzanja limodzi lili lende, mawu osamveka, abale amayamba kufunsana kuti wayambana ndi ndani. Achipatala amafunsa funso lina: BP yake anayezetsa liti?

Kafukufuku wa STEPS, yemwe Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO anachita mu 2009, anapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi magazi ake amathamanga kwambiri. Mwa anthu amenewo, oposa 9 mwa 10 alionse sankadziwa n'komwe.

Ambiri amaganiza kuti BP ikakwera mtsempha umaphulika. Zimachitika ndithu, koma kawirikawiri mtsempha umatsekeka. Magazi akamakankha mwamphamvu chaka ndi chaka, khungu losalala la m'kati mwa mtsempha limasupuka, ndipo thupi limaona ngati pali bala loti litseke. Tizidutswa ta m'magazi totchedwa platelets timaunjikana pamalopo. Kenako fibrinogen, yomwe imapangidwa m'chiwindi, imasanduka tiulusi tolukana ngati khoka, n'kumakola maselo a magazi monga momwe khoka limakolera matemba. Pa bala la chikwanje ntchito imeneyi imapulumutsa moyo. M'mtsempha wa mtima imatha kuimitsa mtima; m'mtsempha wa ku ubongo imabweretsa sitiroko.

Madokotala anazindikira kalekale kuti zimenezi zimasiya zizindikiro m'magazi. Mu 1986 kafukufuku wa Northwick Park ku London anaonetsa kuti amuna okhala ndi fibrinogen yochuluka ankadwala mtima kuposa anzawo, ndipo chaka chotsatira wa ku Framingham ku America anapezanso chimodzimodzi. Fodya amaikweza fibrinogen, kaya ndi wa m'paketi kaya chingambwe. Chizindikiro china ndi D-dimer, nyenyeswa zotsala chibuluma cha magazi chikamasungunuka. Vuto lake n'lakuti imakweranso munthu akadwala malungo, akakhala ndi pakati, kapena akangokalamba, choncho payokha siuza dokotala zambiri, makamaka kudera la udzudzu ngati Chilwa.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Dr Laura Benjamin ndi anzake anafufuza odwala sitiroko 222, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Pafupifupi anayi mwa asanu alionse mtsempha unachita kutsekeka, osati kuphulika. BP ndiyo inatsogola pa zoyambitsa, HIV n'kubwera pambuyo pake, koma mwa achinyamata HIV ndiyo inatsogola.

Kuyeza fibrinogen kumafuna labotale yaikulu, ndipo mlimi wa mpunga wa ku sikimu ya Likangala sangakupeze pafupi. Koma kamakina ka BP komanga pamkono kamatenga mphindi zochepa chabe. Kakamaonetsa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyanasiyana, munthu ayenera chithandizo. Mankhwala ngati HCT ndi amlodipine si a malungo oti ukapeza bwino wamaliza; amamwedwa tsiku ndi tsiku, ngakhale mutu usakupweteka. Mchere nawo, a WHO amati usafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira, kuwerengera wa mu ndiwo zonse.

Chodetsa nkhawa ndi asipirini wa pa okala. Ena anamva kuti amasungunula magazi ndiye amangogula. N'zoona kuti amaletsa platelets kugwirana, koma kwa munthu amene BP yake ili m'mwamba angathe kuchititsa magazi kutayikira mu ubongo. Wolamula kumwa asipirini akhale dokotala.

Ovutika kwambiri ndi asodzi amene amatha masabata ali m'zimbowera pakati pa mabango, ndi anthu a pa chilumba cha Chisi. Mapilitsi akawathera m'madzimo amadikira tsiku lokwera kumtunda, ndipo sitiroko ikawagwera, ulendo wa ku chipatala cha Zomba Central umayamba ndi bwato, kenako mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Awa ndiwo anthu amene alangizi a zaumoyo ayenera kuwapeza pa doko pomwepo ndi kamakina ka BP, asanapalase kubwerera m'nyanja.