Yambani ndi nambala ya agogo

Ntchito yanga ndi yofufuza mbiri ya asilikali akale. Anthu a kuno ku Malosa akabwera kwa ine, ambiri amafika ndi dzina lokha: "Agogo anali msilikali wa Keyala, anakamenya nkhondo ku Burma." Ine ndimafunsa nambala. Dzina limasocheretsa. Mnyamata wa kwa Malemia ankatha kulembetsa usilikali ndi dzina la bambo ake, pobwerako n'kubatizidwa ku Domasi ndi dzina lina, pomwe kalaliki naye analemba mmene khutu lake linamvera. Nambala ya usilikali ndiyo imalumikiza mayina onsewo.

Tsono musanakwere minibasi ya ku Zomba, yambani mwakhuthula sutikesi yakale ya agogo. Mendulo za nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, zinadindidwa nambala, dzina ndi gulu la mwini wake. Pa mendulo yozungulira tizilemboto tili m'mphepete. Ipukuteni ndi kansalu, muipendeketse padzuwa. Za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 zambiri zilibe dzina, choncho apo sakasakani chikalata chotulukira usilikali, ngakhale chiswe chitadyako.

Nambala ikapezeka, pitani ku National Archives ku Zomba. Mudziwiretu kuti moto unatentha maofesi a boma mu 1919, ndipo mapepala ambiri akale anapsera momwemo. Omwe anafera kunkhondo afufuzeni pa intaneti, patsamba la bungwe la manda a ofera kunkhondo la Commonwealth War Graves Commission, kwaulere. Zithunzi za makhadi a mendulo za nkhondo yoyamba ija zili kosungira zolemba zakale ku Kew, ku London. Musaiwale mabuku a ubatizo a kumishoni.

Chimene chimandiwawa ndi nkhani ya atengatenga. Asilikali ochokera m'dziko muno pa nkhondo ya Chiwaya anali pafupifupi 19,000, koma osenza katundu anali pafupifupi 200,000, ambiri ochita kugwidwa m'midzi. Ena mwa iwowa anafa ndi njala ndi matenda m'njira, mayina awo osalembedwa pamwala uliwonse. Mu 2021 bungwe la manda lija linavomereza kuti Aafirika ambiri silinawakumbukire mofanana ndi azungu.

Ngati agogo anu anali mtengatenga, kaundula wanu ndi azakhali okalamba aja. Khalani nawo pamphasa, foni ikujambula mawu. Afunseni za mfumu imene inkalamulira nthawiyo, njira imene agogo anadzera, ndi anzawo a m'mudzi amene anabwera nawo.