Mphekesera za pa Lamya ndi Katemera

Kale mphekesera inkayenda ndi miyendo. Inkabadwira pachitsime, nkukagona kuchigayo, ndipo isanaoloke mtsinje akuluakulu anali ataitsutsa kale. Lero imakwera WhatsApp ndi Facebook, nifika m'maboma onse dzuwa lisanalowe.

Tinaziona m'chaka cha 2021. Katemera wa Covid-19 atafika m'dziko muno m'mwezi wa Marichi, mauthenga anasefukira m'malamya a m'manja. Ena ankati wobayitsa sadzabereka, ena ankati ndi chizindikiro cha 666. Anthu ambiri anazengereza. M'mwezi wa Meyi, Unduna wa Zaumoyo unatentha ku Lilongwe katemera wa AstraZeneca wokwanira kubaya ka 19,610, popeza masiku ake anali atatha. Nzoona kuti katemerayo anabwera atatsala ndi masabata ochepa, koma mantha nawo anathandizira.

Chovuta nchakuti uthenga wotere subwera ndi mlendo. Umachokera kwa amalume a kutauni, kapena kwa mwana wanu wa ku Johannesburg amene amakutumizirani ndalama za feteleza. Mungamutsutse bwanji? Komatu iye sanaulembe. Wangoupatsira monga anaulandirira. Pa ntchito yanga ndakumana ndi amayi amene analeka kupita ndi ana kusikelo chifukwa bambo anamva mau pa lamya naletsa. Anawo anaphonya ngakhale katemera wa chikuku ndi poliyo.

Mukalandira uthenga wonena za mankhwala kapena katemera, musafulumire kuutumiza kwa ena. Bwerani nayo lamyayo pa tsiku la sikelo kuti mlangizi wa zaumoyo aumve pamodzi ndi inu. Abambo nawo asatsale kunyumba.