Kudzutsa injini ya Cortina V6: tizitsulo tiwiri tingakudyereni mpamba

Inu a malonda amene mumadalira pikapu kukapikula tomato, kabichi kapena mabelo a kaunjika, tcherani khutu. Galimoto ikayamba kufuka utsi wobiriwira ndi kumwa oyilo ngati thobwa, makaniko amangoti: "Bwana, apa tigwetse injini basi." Mawu amenewa ndi a ndalama zambiri, ndiye ndi bwino mudziwe zimene zimachitika m'galaja musanatulutse mpamba wanu.

Titengere chitsanzo pa pikapu imene inatchuka ndi liwiro kuno kummwera kwa Africa, Ford Cortina ya injini ya V6. Kampani ya Ford inayamba kupanga pikapu ya Cortina mu 1971 ku Port Elizabeth, mzinda wa ku South Africa umene kuyambira 2021 ukutchedwa Gqeberha. Ina mwa mapikapuwa anaiika injini ya malita atatu yotchedwa Essex, ya masilinda 6, imene inayambira ku Dagenham ku Britain mu 1966. Eetu, inali chilombo pamsewu, ndipo mpaka lero alipo anthu amene amaisaka kuti aidzutse.

Ntchito imayamba ndi kuphwasula, ndipo makaniko weniweni amaonekera pomwepa. Pisitoni iliyonse amailemba nambala, zotsekera mabeyaring'i amaziyala motsatana, chifukwa chilichonse chiyenera kubwerera pamalo pake. Mukaona zitsulo zaunjikidwa m'beseni limodzi ngati usipa wa pa msika, dziwani kuti ndalama zanu zili pangozi.

Akatsuka zonse, pamabwera kuyeza. Maso paokha sangaone kuti silinda yadyeka bwanji, pamafunika micrometer. Ngati masilinda adyeka, buloko imapita kumakina kukaboola, kenaka mumagula mapisitoni ndi maring'i okulirapo ogwirizana ndi muyezo watsopanowo. Crankshaft nayo ikakhala ndi mizere amaipala, nthawi zambiri ndi 0.25 mm, ndipo mabeyaring'i ayenera kukhala a muyezo womwewo. Kungoika maring'i atsopano m'masilinda otha ndi kusoka chigamba pa nsanza. Utsi umaleka miyezi yochepa, kenaka uwo wabweranso.

Tsono injini ya Essex ili ndi matenda ake awiri amene eni ake amawadziwa bwino. Oyamba ndi giya yoyendetsa camshaft. Injiniyi ilibe tcheni kapena lamba wa taimingi, magiya amalumana okha, ndipo mano a giya yaikuluyo anawapanga ndi faiba kuti isamasokose. Ikakalamba manowo amagweluka, galimoto n'kuzima pomwepo, mwina muli pakati pa ulendo ndi tomato wakupsa kumbuyo. Odziwa amaikamo giya yachitsulo, ngakhale imalira pang'ono.

Achiwiri ndi kamtengo kachitsulo ka ngodya 6 kamene kamazunguza pampu ya oyilo kuchokera ku distributor. Ngodya zake zikadyeka, kamangozungulira pachabe, pampu n'kuima. Injini imapitiriza kulira bwinobwino koma oyilo sakuyenda, ndipo pakangopita kanthawi kochepa yanoka. Kachitsulo kameneka n'kotsika mtengo kuyerekeza ndi crankshaft, koma ndi kamene ambiri amakabwezeramo kakale pofuna kupulumutsa makobidi.

Pomanga, mdani wamkulu ndi fumbi. Magalaja athu ambiri ali pansi pa mtengo, ndipo kamchenga kamodzi kokha kakalowa pa beyaring'i kamakanda crankshaft yopalidwa kumene. Njira zonse za oyilo m'buloko ziyenera kutsukidwa ndi kuuziridwa mpweya. Chitsulo chilichonse chipakidwe oyilo chisanalowe. Mipata ya maring'i isayang'ane mbali imodzi, apo ayi mphamvu imathawira pomwepo. Maboti a hedi amamangidwa ndi torque wrench, kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono. Zija zolumikiza paipi ku sipana n'kumakoka mpaka thukuta ndi zimene zimapindika hedi ndi kupsereza gasiketi. Mawaya a mapulagi nawo ali ndi dongosolo lake: 1-4-2-5-3-6.

Asanailize koyamba, makaniko aonetsetse kuti oyilo wafika paliponse. Ngati camshaft ndi yatsopano, injini iyende mothamangirako pang'ono kwa mphindi pafupifupi 20 kuti zitsulo zizolowerane. Ndiye apa mpamene a malonda timalakwitsa. Galimoto yatuluka lero m'galaja, mawa lomwe tailongedza matumba a chimanga mpaka matayala kuphwa, ati tibweze ndalama msanga. Kuthamanga sikufika, abale. Makilomita 1,000 oyamba yendani ndi katundu wopepuka, kenaka musinthe oyilo ndi fyuluta.

Zambiri mwa izi ndi chimodzimodzi kaya yanu ndi Hilux, Datsun kapena Isuzu. Musachite manyazi kufunsa. Uzani makaniko akuonetseni miyezo imene wapeza, mupite naye limodzi kogula zipangizo, ndipo zakale zimene wachotsa akupatseni m'manja. Makaniko wachilungamo sakwiya ndi zimenezi. Amene akuyamba kulusa mukafunsa za micrometer, kokani galimoto yanu mukayese kwina injini isanatsegulidwe.