"Mawa usabwerenso": zomwe lamulo likunena ntchito ikathera pageti

Ntchito zambiri m'dziko muno zimatha popanda kalata. Zimathera pageti, kuseri kwa shopu kapena pakhomo la khitchini, ndi mawu awiri okha: "Mawa usabwerenso." Wouzidwayo amanyamula kajumbo kake nkumapita. Akafika kwawo achibale amamupepesa, ena amamulimbitsa mtima kuti Mulungu atsegula khomo lina, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ndi ochepa amene amafunsa ngati bwanayo anali nayo mphamvu yochita zimenezo.

Nthawi zambiri amakhala alibe. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino, a chaka cha 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo lomwe limatambasula ufulu umenewu ndi Employment Act la chaka cha 2000. Lakhalapo zaka zoposa 20, koma mukayenda ku Limbe, ku Area 2 mu Lilongwe kapena m'misika ya ku Mzuzu nkufunsa ogulitsa m'mashopu zomwe ayenera kulandira ntchito ikatha, ambiri akuyankhani kuti zimatengera mtima wa bwana.

Bodza lalikulu lomwe limawafooketsa anthu ndi lakuti wopanda pepala alibe ponena. Lamuloli limazindikira mgwirizano wa pakamwa chimodzimodzi ndi wolembedwa. Ngati munthu amalawirira m'mawa uliwonse kudzagwira ntchito yomwe mwamutuma, pa nthawi yomwe mwamuuza, nkumalandira malipiro kwa inu, ameneyo ndi wantchito wanu, kaya mudasainirana kontrakiti kaya ayi. Ndipotu kwa olemba ntchito anthu asanu kapena kuposerapo, udindo wopereka pepala lofotokoza malipiro, maola ndi tchuthi ndi wa bwana. Pepalalo likasowa, wolakwa si wantchito.

Apa nkhani ikufika pakhomo pa ambiri a ife. Tikamva mawu oti "olemba anthu ntchito" timaganiza za makampani a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje kapena a fodya ku Kanengo. Koma mphunzitsi amene ali ndi mtsikana womulerera mwana nayenso ndi bwana. Namwino amene ali ndi mlonda pakhomo ndi bwana. Munthu yemweyo amene amakalipa kuofesi kuti amudula ovataimu, madzulo akafika kunyumba amachotsa wantchito chifukwa chopsereza ndiwo, osamupatsa ngakhale ndalama ya minibasi. Lamulo lomwe limamuteteza kuofesi ndi lomwelo limamumanga kunyumba kwake. Okhawo amene lamuloli silikuwakhudza ndi asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, poti ali ndi malamulo awoawo.

Mtima wa lamuloli uli pa gawo 57, ndipo likufuna zinthu ziwiri. Choyamba, pakhale chifukwa chomveka: khalidwe la wantchito, kulephera kwake kugwira ntchito, kapena mavuto enieni a bizinesi omwe akukakamiza kuchepetsa anthu. Chachiwiri, ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, munthuyo apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe.

Chachiwirichi ndicho chimagwetsa mabwana ambiri kubwalo la milandu, ngakhale amene chifukwa anali nacho. Tiyerekeze kuti m'shopu mwasowa katoni ya sopo, ndipo mwini wake akukhulupirira ndi mtima wonse kuti watenga ndi mnyamata wonyamula katundu. Kukhulupirira kokhako sikukwanira. Ayenera kumuuza mnyamatayo mlandu wake momveka, kumupatsa nthawi yokonzekera, kumumvera mbali yake, ndipo pokhapo ndi pomwe angagamule. Kumuitana munthu kuofesi kalata yomuchotsa itasainidwa kale si kumumvera. Kumufunsa mafunso ali m'manja mwa apolisi si kumumveranso, chifukwa mlandu wa kupolisi uli ndi njira yake, ndipo nkhani ya ntchito ili ndi yake. Makolo athu ankazidziwa izi kale: pabwalo la mfumu sagamula asanamve mbali zonse ziwiri.

Sikuti lamulo likuikira kumbuyo akuba kapena aulesi ayi. Gawo 59 limalola bwana kuchotsa munthu nthawi yomweyo, popanda notisi, ngati wachita cholakwa chachikulu, ngati amanyalanyaza ntchito kawirikawiri, ngati akukana dala malangizo oyenera, ngati wajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, kapenanso ngati adanama kuti ali ndi luso lomwe alibe. Koma kuchotsa popanda notisi sikutanthauza kuchotsa popanda kumva. Ndipo nkhani ikafika kubwalo, amene ayenera kutchula chifukwa ndi kuonetsa kuti adachita mwachilungamo ndi bwana. Akalephera, lamulo limangotenga kuti kuchotsako kudali kosayenera. Wantchito sakakamizidwa kutsimikiza kuti sadabe. Bwana ndiye aonetse chomwe adachotsera munthu.

Pali zifukwa zina zomwe lamulo lidazikaniratu. Munthu sangachotsedwe chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, chipani, chilankhulo, ulumali, kapena chifukwa choti ndi mkazi kapena ali pabanja. Sangachotsedwe chifukwa cholowa bungwe la anthu apantchito, chifukwa chodwala kapena kuvulala kwa kanthawi, kapena chifukwa adakamudandaulira bwana kuboma. Lamulo la chaka cha 2018 lokhudza HIV ndi Edzi lidaletsanso kuchotsa munthu chifukwa chopezeka ndi kachilombo.

Nkhani ya pakati ndiyo imawawa kwambiri, chifukwa imachitika mwakachetechete. Mtsikana wa m'shopu kapena wa m'nyumba akangoyamba kuoneka, amauzidwa kuti akapume kaye kumudzi, adzaitanidwa. Foni yoitanayo siibwera. Komatu mayi aliyense wapantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera 8 ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo akabwerako malo ake ayenera kuwapeza. Kuchotsa mayi chifukwa cha pakati ndi mlandu. Kuyambira pomwe lamulo la Employment Act lidasinthidwa mu 2021, abambo nawo amaloledwa masabata awiri mkazi wawo akachira.

Tsono tikambe za ndalama, poti apa ndi pomwe anthu amaberedwa ali maso.

Munthu wolipidwa pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi. Ngati bwana sakufuna kumuonanso pakhomo, amulipire mwezi umenewo m'malo mwa notisi. Izi nzambali zonse: wantchito amene wangosowa osatsanzika nayenso waphwanya mgwirizano. Kenaka pali masiku a tchuthi omwe sadatengedwe. Wogwira masiku 6 pa sabata amayenera masiku 18 pachaka, wogwira masiku 5 amayenera masiku 15, ndipo otsalawo amasanduka ndalama ntchito ikatha. Palinso ovataimu yomwe sidalipidwe. Maola a ntchito pa sabata ndi 48. Opitirira pamenepo amalipidwa mwapadera, ndipo kwa antchito ambiri ola la pa tsiku lopuma kapena la holide limalipidwa kawiri. Zonse zomwe wantchito akuyenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha, osati "ubwere kumapeto a mwezi" yemwe satha.

Ndalama ya severance ndi yomwe imasokoneza ambiri. Kuchokera pomwe lamulo lidasinthidwa mu 2010, imaperekedwa kwa munthu amene wagwira chaka chimodzi kapena kuposerapo ndipo wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa anthu, yakumana ndi mavuto a zachuma, kapena wachotsedwa mosatsata chilungamo. Wosiya yekha ntchito mwakufuna kwake, kapena wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe loipa, salandira. Kawerengedwe kake nkosavuta. Pa zaka zisanu zoyambirira, chaka chilichonse chimabala malipiro a masabata awiri. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, chaka chilichonse ndi masabata atatu. Kupitirira apo ndi masabata anayi. Choncho mlonda amene wagwira zaka 7 zathunthu, kampani nkumuchotsa chifukwa kontrakiti yolondera malo ena yatha, ayenera masabata 10 a zaka zisanu zoyamba ndi masabata 6 a zaka ziwiri zotsatira. Onse pamodzi ndi masabata 16, pafupifupi malipiro a miyezi inayi. Ambiri amapatsidwa mwezi umodzi nkuthokoza mogwada.

Penshoni ndi nkhani ina payokha, ndipo siilowa m'malo mwa severance. Kuchokera mu 2011 olemba ntchito amayenera kuika antchito awo pa ndondomeko ya penshoni, bwana kusonkha osachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Vuto lodziwika ndi la mabwana omwe amadula ndalamayi pa malipiro koma osaipititsa kukampani ya penshoni, moti munthu amadzazindikira ntchito itatha kuti thumba lake ndi lopanda kanthu. Nkwanzeru kumafunsa sitetimenti ntchito ikadalipo. Amene lamulo silidawaike pa penshoni amayenera ndalama ya gratuity ntchito ikatha.

Nanga wolakwiridwa alowere kuti? Khomo loyamba ndi ofesi ya zantchito ya m'boma lake, komwe anthu amangoti "ku leba". Pachichewa timati mlandu suwola, koma lamulo ili lidaika malire: dandaulo la kuchotsedwa mosayenera likafike kwa mkulu wa ofesiyi pasanathe miyezi itatu. Anthu ambiri miyezi imeneyi amaithera pageti la bwana, kudikira lonjezo, kutuma abusa ndi ankhoswe kuti akawapepesere. Kupepesa sikolakwika, koma kuchitike dandaulo litalembedwa kale. Ku leba amaitanitsa mbali zonse ziwiri nkuyesa kuziyanjanitsa. Zikakanika pakatha mwezi umodzi, nkhani ikhoza kupita kubwalo la milandu ya anthu apantchito la Industrial Relations Court, lomwe limagwira ntchito motsatira lamulo la Labour Relations Act la 1996 ndipo lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Munthu akhoza kukadziyankhulira yekha kumeneko popanda loya. Amene akufuna loya koma alibe ndalama akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo ogwira ntchito m'boma ali ndi khomo linanso, la Ombudsman.

Bwalo likapeza kuti munthu adachotsedwa mosayenera, likhoza kulamula kuti abwerere pa ntchito yake, apatsidwe ntchito ina yofanana nayo, kapena alipidwe chipukutamisozi. Chipukutamisozichi chili ndi poyambira: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, masabata awiri kwa wa zaka zosapitirira 10, masabata atatu kwa wa zaka zosapitirira 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa wopitirira apo. Amenewa ndi malire a pansi chabe. Bwalo likhoza kupereka zoposa.

Tisanamizane, njirayi si yachangu. Madandaulo a kuchedwa kwa milandu m'mabwalo athu ndi akale, ndipo munthu amene watha ntchito ku Nsanje kapena ku Chitipa amafunika ndalama yoyendera yomwe alibe. Mabwana ena amadalira kutopa kumeneku. Ndi chifukwa chake umboni wosungidwa msanga uli wofunika kuposa mkwiyo, poti bwana akaona kuti zonse zili poyera, kawirikawiri amalolera kulipira nkhani ikadali ku leba. Umboniwo sufuna sukulu. Mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba oonetsa malipiro a mwezi ndi mwezi ndi umboni. Yunifolomu, chiphaso cha kuntchito, mauthenga a pa WhatsApp otuma ntchito, kakope kolembamo tsiku loyamba ntchito ndi maola owonjezera, anzanu ogwira nawo ntchito kapena oyandikana nawo nyumba, zonsezi zimayankhula.

Msampha wina uli pa cholembera. Tsiku lochotsedwa, munthu ali wosokonezeka maganizo, amapatsidwa pepala la Chingerezi kuti asaine asanalandire envelopu. Nthawi zina pepalalo limanena kuti walandira zonse ndipo sadzadandaulanso. Nthawi zina imakhala kalata yoti wasiya yekha ntchito, zomwe zimafafaniza severance ndi notisi yomwe. Palibe lamulo lokakamiza munthu kusaina pomwepo. Akhoza kupempha kope, kukawerengetsa kwa wina, nkubweranso. Ndipo amene adakakamizidwa kusiya, kaya pomuopseza ndi apolisi, pomumana malipiro kapena pomuzunza mpaka ntchito kukhala yosapiririka, gawo 60 limamutenga ngati wochotsedwa, ngakhale kalatayo adalemba ndi dzanja lake. Kungoti apa ndiye ayenera kuonetsa bwalo momwe adazunzikira, ndipo si ntchito yapafupi.

Chomaliza chomwe ambiri amachisiya pakhomo la bwana ndi chikalata chotsimikiza kuti adagwirapo ntchito. Wantchito akachipempha, bwana ayenera kuchipereka, ngakhale atasiyana mokangana. Chimatchula dzina la wolemba ntchito, mtundu wa ntchito yomwe munthuyo ankagwira, nthawi yomwe wakhalapo ndi malipiro omwe ankalandira pochoka. Chifukwa chochokera pa ntchito chimalembedwamo pokhapokha mwini wake atafuna, moti bwana sangagwiritse ntchito chikalatachi kumuipitsira mbiri kumene akukafunsira ntchito ina.