Kasitima ka Guendolen ndi Nkhondo ya Amtengatenga

Ife a kuno ku Chipata tili kutali ndi madzi aakulu, ndipo tikamva za sitima za nkhondo timaganiza kuti nkhaniyo ndi ya anthu ena. Komatu pali kasitima kamodzi kamene mbiri yake inafika mpaka m'midzi mwathu, kwa Mpezeni, ku Lundazi ndi ku Petauke, ngakhale kuti makolo athu ambiri sanakaone ndi maso. Dzina lake ndi Guendolen. Mzinga wake ulipo mpaka lero ku Mangochi m'dziko la Malawi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, m'mbali mwa mtsinje wa Shire.

Inafika m'zidutswa

Guendolen inapangidwa ku Britain, nibwera kuno m'zidutswazidutswa. Masiku amenewo katundu wopita ku Nyanja ya Nyasa, imene lero tikuitcha Nyanja ya Malawi, ankalowera padoko la Chinde, kukwera ndi mtsinje wa Zambezi, kenaka Shire. Pofika pamathithi pamene ngalawa sizidutsa, anthu ndiwo ankasenza zitsulozo. Amisiri anailumikiza pa Fort Johnston, pamene lero ndi Mangochi, ndipo inayamba kuyenda m'chaka cha 1899, patangopita chaka chimodzi Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa. Anaitcha dzina la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain. Kulemera kwake kunali matani 340 kapena kuposerapo pang'ono: kanthu kochepa poyerekeza ndi sitima za nkhondo za m'nyanja zamchere, koma panyanja yathu inali yaikulu ndithu.

Ntchito yake inali kulondera nyanja ndi kunyamula asilikali, makalata ndi katundu wa boma. Kutsidya lakumpoto chakum'mawa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, Ajeremani nawonso anali ndi sitima yawo, Hermann von Wissmann, imene inayamba kuyenda mu 1893 ndi cholinga cholimbana ndi malonda a akapolo. Oyendetsa sitima ziwirizi, Kaputeni Rhoades wa Angerezi ndi Kaputeni Berndt wa Ajeremani, anali mabwenzi odyera ndi kumwera pamodzi.

Tsiku limene ubwenzi unatha

Nkhondo itabuka ku Ulaya mu Ogasiti 1914, uthenga wapalamya unafika msanga kwa Bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir George Smith, ku Zomba. Iye anadziwa kuti amene ali mwini nyanja ndiye mwini nkhondo m'chigawo chonsechi, pakuti misewu yeniyeni kunalibe. Choncho analamula Rhoades kuti akafunefune sitima ya Ajeremani ija.

Pakati pa mwezi womwewo, m'mamawa, Guendolen inalowa padoko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli. Inapeza Hermann von Wissmann itakokeredwa kumtunda kuti aikonze. Mzinga unalira, ndipo chipolopolo chinailasa. Nkhani imene imasimbidwa mpaka lero ndi yakuti Berndt anakwera kabwato napalasa mwaukali kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera, pakuti iye anali asanamve kuti kunja kuli nkhondo. Anamugwira pomwepo nakhala mkaidi. Angerezi anazula mfuti ndi zitsulo zina zofunika za injini, nabwerera.

Nyuzipepala za ku London zinalengeza zimenezi ngati chipambano cha panyanja, ndipo olemba mbiri ambiri amaziwerenga kukhala kulimbana koyamba kwa pamadzi kumene Angerezi anapambana m'nkhondo imeneyo. Ajeremani atayesa kuikonzanso sitima yawo, Guendolen ndi zinzake zinabwerera ku Sphinxhaven kumapeto kwa Meyi 1915 zili ndi asilikali a King's African Rifles, ndipo anaiphulitsa kuti isayendenso.

Nyanja inasanduka msewu

Tikamva nkhani ya mabwenzi awiriwa timaseka, ndipo n'zosekadi. Koma zotsatira zake sizinali zoseketsa. Kuyambira tsiku limenelo nyanja yonse, yotalika makilomita oposa 550, inakhala msewu wa Angerezi okha. Sitima zinatsitsa asilikali ku Karonga, kumene pa 9 Seputembala 1914 anabweza Ajeremani amene analowa kuchokera kumpoto. Sitima zamalonda ndi za mishoni, monga Chauncy Maples ya mpingo wa Anglican, zinatengedwa ndi boma kuti zizinyamula asilikali, ufa, zipolopolo ndi odwala. Guendolen inkayenda nazo uku ikusenzanso katundu wake.

Mu 1916 mkulu wa asilikali Edward Northey anasonkhanitsa magulu a ku Nyasaland, Rhodesia ndi South Africa, pamodzi ndi a Northern Rhodesia Police a kwathu kuno, nalowa m'dziko la Ajeremani. Zambiri zimene gulu lakelo linkadya ndi kuwombera zinkadzera panyanja imeneyi, n'kutsitsidwa pamadoko monga Karonga, Mwaya, Manda ndi Mbamba Bay.

Koma sitima imathera pagombe. Kuchoka pamenepo mpaka kumene asilikali ali, kupyola mapiri ndi madambo, kunali kashembe wopha ng'ombe ndi abulu, ndipo magalimoto anali owerengeka. Chotsala chinali mutu wa munthu.

Masamu owawa

Apa ndi pamene mbiri ya kasitimaka ikukumana ndi mbiri ya mabanja athu. Mtengatenga mmodzi ankasenza katundu wa mapaundi 60, ndiye kuti makilogalamu 27, n'kuyenda mamailosi pafupifupi 15 patsiku. Iye mwini ankafunika kudya mapaundi awiri ndi theka tsiku lililonse. Tikawerengera bwino, munthu wosenza ufa akanaumaliza yekha ufa wonsewo m'masiku 24. Choncho pamene nkhondo inkapita kutali ndi nyanja, pamafunika anthu ochuluka osenza chakudya cha anzawo osenza, kuti kathumba kamodzi kokha kakafike kwa msilikali.

N'chifukwa chake amesenjala a boma sankaleka kuyendayenda m'midzi. Ku Nyasaland kokha anthu pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya umtengatenga m'nkhondo imeneyi, imene akuluakulu a kumeneko anaitcha nkhondo ya Chiwaya. Kuno ku Fort Jameson, limene linali dzina la Chipata masiku amenewo, mafumu ankalamulidwa kupereka amuna ndi chakudya. Kumpoto kwa dziko lathu anthu ena ankapalasa mabwato m'madambo a Bangweulu, kutumiza katundu ku Kasama ndi Abercorn. Ambiri mwa amene anatsala kutchire sanafe ndi chipolopolo ayi, koma ndi kamwazi, malungo, chibayo, kuzizira kwa m'mapiri ndi njala. Kumudzi makasu anatsala m'manja mwa amayi ndi nkhalamba. Paja akuluakulu anati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Nkhondo inathera m'dziko lathu lino. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anamva za mtendere wa ku Ulaya ali pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, ndipo anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Amene anabwerera kwawo anapeza mliri wa chimfine choopsa ukusesa midzi.

Chotsala kwa ife

Guendolen inagwirabe ntchito zaka zina zambiri, mpaka anaiphwasula m'zaka za m'ma 1940. Dzina lake, dzina la kaputeni wake ndi mzinga wake zasungidwa bwino. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Mangochi anamangamo chifaniziro cha malo amene woyendetsa wake ankaimirira. Ku Mbala kuli chikumbutso cha amtengatenga a dziko lino oposa 1,400 amene anafa, koma chimene tili nacho ndi chiwerengero, osati mayina.

Mayinawo, ngati alipobe, ali m'nyumba mwathu. Amene anapita kunkhondoko anatha onse, koma ana awo ena ndi adzukulu awo akali moyo, ndipo anamva nkhanizi pamoto madzulo: agogo amene anabwerera ali ndi dazi la katundu pamutu, amalume amene sanabwerere konse, munda umene unagonera chaka chimenecho. Tisadikire kuti nawonso apite. Tiyeni tikhale nawo pansi tiwafunse kuti anapita ndani, anadzera njira iti, anabwerera liti, ndipo tilembe m'kope limene ana athu adzalipeze. Kasitima kaja kali ndi oisungira mbiri ake. Amene anasenza katundu wake kuchoka pagombe ali ndi ife tokha.